Pamene Kugwirana Chanza Kunasanduka Mlandu ku Washington



Lero tiwoloke nyanja, tikafike ku Washington, likulu la dziko la America. Pa 1 Okutobala 2025 boma la dzikolo linaimitsa ntchito zake zambiri. Kunalibe nkhondo, kunalibe chivomezi, ndipo ndalama m'dzikomo sizinathe. Aphungu a zipani ziwiri zikuluzikulu, cha Republican ndi cha Democratic, anangolephera kumvana pa bilu yopereka ndalama zoyendetsera boma. Kumeneko lamulo ndi lokhwima: Nyumba ya Malamulo ikapanda kuvomereza ndalama, nthambi zambiri za boma zimatseka zitseko. Ogwira ntchito m'boma zikwi mazanamazana anauzidwa kuti akhale kunyumba. Ena, monga aja amatsogolera ndege pamabwalo, anauzidwa kuti azibwerabe kuntchito koma malipiro adzawaona mtsogolo. Thandizo la chakudya limene anthu pafupifupi 42 miliyoni amadalira linasokonekera mu Novembala. Panapita masiku 43 kuti boma litsegulidwenso, ndipo chiyambire dzikolo linali lisanatsekepo boma nthawi yaitali chotero.

Zoterezi zikachitika, anthu achikulire a ku America amatchula mayina awiri: Ronald Reagan ndi Tip O'Neill. A Reagan anali pulezidenti wa chipani cha Republican kuyambira mu Januwale 1981. A O'Neill, a chipani cha Democratic ochokera ku Massachusetts, anali sipikala wa nyumba ya aphungu kuyambira 1977 mpaka kumayambiriro kwa 1987. A Reagan ankakhulupirira kuti boma lakula mopitirira muyeso, misonkho itsike, munthu adzidalire. A O'Neill anakula akuona umphawi wa zaka za m'ma 1930, ndipo kwa iwo boma linali mthandizi wa munthu wosauka ndi wokalamba. Komabe anthu amakumbukira kuti awiriwa ankati ndale zimatha 6 koloko madzulo, ikakwana nthawi imeneyo atha kukhala pansi n'kucheza. Amakumbukiranso kuti a Reagan atawomberedwa ndi mfuti pa 30 Malichi 1981, a O'Neill anapita kuchipatala, n'kugwada pambali pa bedi, n'kupemphera nawo limodzi Salimo 23.

Nkhaniyi ndi yoona ndipo ndi yokoma. Koma ikamakambidwa yokhayokha imasocheretsa, chifukwa imapangitsa anthu kuganiza kuti vuto la lero ndi lakuti andale anasiya kudyera limodzi, ndipo kuti atangoyambanso kuitanirana chakudya chamadzulo, zonse zikhala bwino. Ine sindikuona choncho. A Reagan ndi a O'Neill ankamenyana kwambiri pa ndale. A O'Neill ankanena poyera kuti pulezidentiyo sadziwa mavuto a anthu osauka ndipo sakhudzidwa nawo. Chipani cha a Reagan chinali chitaulutsa kale pa kanema uthenga wa kampeni wosonyeza munthu wofanana ndi a O'Neill akuyendetsa galimoto mpaka mafuta kuthera panjira, pofuna kuwanyoza. M'zaka zimene awiriwa anali pa maudindo, ndalama zoyendetsera boma zinadukapo kangapo chifukwa cha kusamvana. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyo kudukako sikunkapitirira masiku atatu. Funso lofunika ndiye ili: n'chiyani chinkawakakamiza adani awiriwa kumaliza ntchito, chimene lero chinasowa?

Kuti timvetse, tikumbuke mmene boma la America linamangidwira. Nyumba ya Malamulo, imene amaitcha Congress, ili ndi zipinda ziwiri. Nyumba ya aphungu ili ndi anthu 435 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Nyumba ya Seneti ili ndi maseneta 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50, ndipo amakhala zaka 6. Bilu iyenera kudutsa m'zipinda zonse ziwiri, kenako pulezidenti asainire. Ku Seneti kulinso lamulo lakuti pa mabilu ambiri pafunika mavoti 60 kuti mtsutso uthe, anthu avote. Si kawirikawiri kuti chipani chimodzi chikhale ndi mipando 60. Ndiye kuti makina onsewa anapangidwa moti sangayende popanda mbali ziwirizo kumvana penapake. Kumvanako kukasowa, makina amaima.

Ntchito imene awiriwa amatchuka nayo ndi yopulumutsa thumba la penshoni ya boma, lotchedwa Social Security, limene linakhazikitsidwa mu 1935. Wogwira ntchito ndi womulemba ntchito amadulidwa msonkho wapadera pa malipiro, ndipo ndalamazo zimalipira okalamba amene anapuma. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kukwera mitengo kwa zinthu ndi kusowa kwa ntchito zinali zitalifoola thumbali, moti akatswiri anachenjeza kuti chapakati pa 1983 silidzatha kulipira okalamba pa nthawi yake. Mu Meyi 1981 boma la a Reagan linayesa lokha kubweretsa ganizo lodula ndalama za anthu opuma msanga. Seneti, imene inali m'manja mwa chipani chawo chomwe, inalikana ganizolo ndi mavoti 96, popanda ndi mmodzi yemwe wolivomereza. A O'Neill anaona kuti apeza chikwapu, ndipo anachigwiritsadi ntchito. Pa chisankho cha mu 1982 chipani chawo chinawonjezera mipando 26 m'nyumba ya aphungu, mwa zina pouza okalamba kuti a Reagan akufuna kuwalanda penshoni.

Apa mpamene nkhani imakoma. A O'Neill akanatha kusunga chikwapu chija mpaka chisankho cha pulezidenti cha 1984. Koma tsiku loti thumba liume linali pafupi, ndipo onse awiri ankadziwa kuti macheke a agogo akachedwa, mkwiyo wa anthu sudzasankha chipani. Panali komiti ya anthu 15 yotsogozedwa ndi a Alan Greenspan, imene mamembala ake anasankhidwa ndi pulezidenti, mtsogoleri wa Seneti ndi sipikala, aliyense asanu. Komitiyi inatha chaka chathunthu ikungozungulira. Mu Januwale 1983 maseneta awiri, a Bob Dole a Republican ndi a Daniel Patrick Moynihan a Democratic, anatsitsimutsa zokambirana, kagulu kochepa kanayamba kukumana mwakachetechete, nthumwi zikupereka uthenga kwa a Reagan ndi kwa a O'Neill. Mamembala 12 mwa 15 anavomereza zimene anagwirizana.

Tamverani zimene zinali m'mgwirizanowo. A Reagan, munthu amene analowa m'boma polonjeza kutsitsa misonkho, analola kuti msonkho wa pa malipiro ukwere msanga kuposa mmene unakonzedwera. A O'Neill, mtetezi wa okalamba, analola kuti kukweza kwa penshoni kwa chaka chimenecho kuchedwe ndi miyezi 6, ndiponso kuti opuma amene ali ndi ndalama zambiri ayambe kukhoma msonkho pa gawo la penshoni yawo. Biluyo ili m'nyumba ya aphungu anawonjezeramo kuti msinkhu wopumira ntchito ukwere pang'onopang'ono kuchoka pa zaka 65 kufika 67, chinthu chimene a O'Neill sankachifuna. Pa 20 Epulo 1983 a Reagan anasaina lamulolo, a O'Neill ataima pambali pawo. Palibe amene anapita kwawo akuvina. Aliyense anameza chowawa chimene otsatira ake ankadana nacho, ndipo chimene chinawateteza n'chakuti anameza pa tsiku limodzi, pamaso pa anthu, moti panalibe woloza mnzake chala. Zinali ngati anthu awiri owoloka mtsinje wodzaza atagwirana manja: sakugwirana chifukwa cha chikondi, koma chifukwa wina akataya mnzake, onse apita ndi madzi. Thumba lija lakhala likulipira okalamba kwa zaka zoposa 40 kuchokera pamenepo. Mu 2025 oliyang'anira anachenjezanso kuti nkhokwe yake itha cha m'ma 2033, ndipo palibe mtsogoleri wa chipani chilichonse amene akuonetsa kuti ndi wokonzeka kuyamba kuponda m'madzi.

Mu 1986 zipani ziwirizi zinakonzanso limodzi malamulo a misonkho, n'kutsitsa msonkho wapamwamba kuchoka pa 50 kufika pa 28 peresenti, kwinaku zikutseka mipata imene olemera ankazembera. Koma chinthu cha chaka chimenecho chimene chimatikhudza ife a kuno kummwera kwa Africa ndi china. Congress inavomereza lamulo loika zilango za chuma pa boma la tsankho la South Africa. A Reagan analikana. Malamulo amalola Congress kugonjetsa kukana kwa pulezidenti ngati magawo awiri mwa atatu a zipinda zonse avomereza, ndipo zinachitikadi: mavoti 313 kwa 83 m'nyumba ya aphungu, ndi 78 kwa 21 ku Seneti pa 2 Okutobala 1986. Amene anatsogolera ku Seneti anali a Richard Lugar a ku Indiana, a chipani cha a Reagan chomwe. Anasiyana ndi pulezidenti wawo pa nkhani ya chikumbumtima, ndipo anapitiriza kukhala seneta kwa zaka zina 26. Dzina la a Lugar mulisunge, tibwererakonso.

Nanga chinasintha n'chiyani? Choyamba, zipani za nthawi imeneyo sizinali zoyera mbali imodzi. M'chipani cha Democratic munali aphungu ambiri a kummwera kwa dzikolo amene maganizo awo anali pafupi ndi a Reagan kuposa a O'Neill. M'chipani cha Republican munali a kumpoto chakummawa amene pa nkhani zambiri ankagwirizana ndi a Democratic. Mu 1981 a Reagan anapambana pa bajeti yawo ndi mavoti a aphungu a Democratic oposa 60, ndipo a O'Neill, ngakhale ankadziwa kuti agonja, analola kuti nkhaniyo ifike povota. Lamulo la ufulu wa anthu la 1964, limene linathetsa tsankho m'malo odyera, m'mahotela ndi pa ntchito, linadutsa motero: pulezidenti Lyndon Johnson wa Democratic anadalira a Everett Dirksen, mtsogoleri wa maseneta a Republican, amene anabweretsa mavoti 27 mwa 71 amene anathetsa mtsutso pa 10 Juni chaka chimenecho. Koma lamulo lomwelo, pamodzi ndi la ufulu wovota la 1965, linayambitsa kusamuka kwakukulu. Azungu ambiri a kummwera anayamba kuchoka ku Democratic kupita ku Republican, ndipo a Republican ofatsa a kumpoto anatha pang'onopang'ono. Patapita zaka makumi atatu kapena anayi, aliyense anali atalowa m'khola lake, pakati n'kutsala poyera.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali chinthu chimene olakalaka masiku akale sakonda kuchitchula. Mtendere wa m'Nyumba ya Malamulo wa zaka za m'ma 1940 ndi 1950 unagulidwa ndi mtengo, ndipo amene analipira anali anthu akuda. Maseneta a kummwera ankatsogolera makomiti amphamvu, ndipo anzawo ankagwira nawo ntchito bwino malinga ngati nkhani ya tsankho isakhudzidwe. Mabilu oletsa mchitidwe wa magulu a azungu wopha anthu akuda popanda mlandu anakanidwa kwa zaka zambirimbiri, moti lamulo lotero linadzasainidwa mu 2022. Ndiponso kumvana kwa zipani sikutanthauza kuti chinthucho ndi chabwino. Mu Okutobala 2002 maseneta 77, ochokera mbali zonse ziwiri, analoleza nkhondo ya ku Iraq, imene inadya miyoyo yosawerengeka pa zifukwa zimene zinadzapezeka kuti sizinali zoona. Choncho musandimve ngati ndikunena kuti andale akangogwirizana, anthu apindula. Pali nthawi imene kukana ndiye ntchito ya phungu. Chimene ndikudandaula nacho ndi dziko limene kukana kwasanduka ntchito yokhayo imene phungu amalipidwa nayo.

Ndipo amene amalipira ndi ovota. Mu 1984 a Reagan anapambana m'zigawo 49 mwa 50, komabe chipani cha a O'Neill chinasungabe nyumba ya aphungu. M'madera pafupifupi 190 anthu anavotera pulezidenti wa chipani china ndi phungu wa chipani china. Phungu wa dera lotero ankadziwa kuti anthu amene anamusankha anasankhanso a Reagan, ndiye kugwira ntchito ndi pulezidentiyo kunali kudziteteza. Pa chisankho cha 2020 madera otero anali 16 okha mwa 435. Madera ambiri lero ndi a chipani chimodzi, mwina chifukwa anthu a maganizo ofanana amakhala malo amodzi, mwinanso chifukwa andale a m'zigawo amadula malire a madera mokomera chipani chawo. Phungu wa dera lotero saopa chipani chinacho. Amaopa chisankho chachipulula, mapulaimale a m'chipani chake, kumene kumabwera ovota ochepa koma otentha mtima kwambiri. Kwa ovota amenewo, phungu amene wakhala pa tebulo limodzi ndi a mbali ina ndi wogulitsa chipani.

A Lugar aja anakumana nazo mu 2012. Atatumikira zaka 36, atagwira ntchito ndi seneta Sam Nunn wa Democratic pa pulogalamu yophwasula zida za nyukiliya zotsala m'mayiko amene kale anali a Soviet Union, anagonja pa mapulaimale a chipani chawo kwa munthu amene ankanena poyera kuti ku Washington kwachuluka kumvana. Phungu aliyense amene anaona zimenezo anatolapo phunziro.

Ife a pawailesi tisadzichotse pa mlanduwu. Mu 1987 boma la America linachotsa lamulo limene linkakakamiza nyumba zoulutsa mawu kupereka mpata ku mbali zonse pa nkhani zotsutsana. Chaka chotsatira pulogalamu ya a Rush Limbaugh inayamba kumveka dziko lonse, ndipo eni mawailesi anazindikira kuti mkwiyo umasunga omvera. Mu 1996 kunabadwa makanema a Fox News ndi MSNBC, ndipo m'kupita kwa nthawi iliyonse inapeza khamu lake. Kenako kunabwera Facebook ndi masamba ena a pa intaneti, kumene mawu onyoza amayenda msanga kuposa mawu ofatsa, ndipo phungu wolalata amasonkhanitsa ndalama za kampeni kuchokera kwa anthu a dziko lonse amene sanapondepo m'dera lake. M'Nyumba ya Malamulo momwemo, a Newt Gingrich anaphunzitsa anzawo a Republican kuti njira yolandira mphamvu ndi kumenya nkhondo tsiku ndi tsiku. Mu 1994 analanda nyumba ya aphungu, imene chipani chawo chinali chisanailamulire kwa zaka 40, ndipo kuyambira kumapeto kwa 1995 boma linatsekedwa masiku 21. Njirayo itaoneka kuti imabweretsa mipando, mbali zonse ziwiri zinaiphunzira.

Zotsatira zake zimaoneka m'mavoti. Pulogalamu ya chithandizo cha kuchipatala cha okalamba ya Medicare inadutsa mu 1965 ndi mavoti a aphungu 70 ndi maseneta 13 a Republican. Lamulo la zaumoyo la pulezidenti Barack Obama la 2010 linadutsa popanda voti ya Republican ngakhale imodzi pa voti yomaliza, ndipo lamulo la misonkho la pulezidenti Donald Trump la 2017 linadutsa popanda voti ya Democratic. Lamulo lodutsa motero limakhala pangozi chisankho chilichonse, chifukwa mbali inayo imalumbira kudzalifafaniza. Ku khoti lalikulu nakonso: woweruza Antonin Scalia anavomerezedwa mu 1986 ndi mavoti 98 popanda wotsutsa, woweruza Ruth Bader Ginsburg mu 1993 ndi mavoti 96 kwa 3, pamene mu 2016 a Merrick Garland, amene anasankhidwa kuti akakhale woweruza pa khoti lomwelo, anadikira masiku 293 osaitanidwa n'komwe kukafunsidwa mafunso. Mu 2011 mkangano wa malire a ngongole za boma unachititsa bungwe la Standard & Poor's kutsitsa mbiri ya America pa nkhani yobweza ngongole, koyamba m'mbiri. Boma linatsekedwa masiku 16 mu 2013, masiku 35 kuyambira mu Disembala 2018, kenako 43 aja.

Zitsanzo ziwiri za posachedwa zimaonetsa bwino mtengo wa kugwirana chanza lero. Pa 30 Sepitembala 2023 sipikala Kevin McCarthy wa Republican anadutsitsa bilu yoletsa kuti boma litsekedwe, mothandizidwa ndi mavoti a Democratic. Patangopita masiku atatu, aphungu 8 a chipani chake anamuukira, a Democratic onse amene analipo anavota nawo limodzi, ndipo anachotsedwa pa mpando ndi mavoti 216 kwa 210. Anali sipikala woyamba m'mbiri ya dzikolo kuchotsedwa motero, ndipo nyumbayo inakhala milungu itatu yopanda mtsogoleri. Mbali inayo nayo siyosiyana. Kutsekedwa kwa boma kwa 2025 kunatha pamene maseneta 8 a mbali ya Democratic anavota ndi a Republican kuti mavoti akwane 60. Anzawo anawadzudzula koopsa kuti agonja osapeza chimene ankamenyera, chomwe chinali thandizo la boma pa inshuwalansi ya zaumoyo. Mungagwirizane ndi odzudzulawo kapena ayi, koma taonani ichi: mwa anthu 8 amenewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankayembekezera kukaima pamaso pa ovota mu 2026. Ena anali atalengeza kale kuti akupuma. Ndiye kuti ntchito yotsegula boma inatsalira anthu okhawo amene ovota sakanatha kuwalanga msanga.

Wina kunyumbako afunsa kuti, zonsezi zikutikhudza bwanji ife? Yankho lili m'botolo la mankhwala limene abale athu ambiri amakatenga kuchipatala. Mu Januwale 2003 pulezidenti George W. Bush wa Republican anapempha Congress madola 15 biliyoni a zaka zisanu olimbana ndi Edzi m'mayiko osauka, pulogalamu imene timaidziwa ndi dzina lakuti PEPFAR. Amene anainyamula m'nyumba ya aphungu anali anthu awiri osiyana kotheratu: a Henry Hyde a Republican, odziwika dziko lonse polimbana ndi kuchotsa mimba, ndi a Tom Lantos a Democratic, obadwira ku Hungary, amene anapulumuka ku chipululutso cha Ayuda cha m'nthawi ya Hitler. Kumbuyo kwawo kunali atsogoleri a mipingo, aphungu akuda monga mayi Barbara Lee, madokotala ndi omenyera ufulu wa odwala, anthu amene pa nkhani zina sakanapatsana ngakhale moni. Nawonso anameza zowawa. A Democratic analola kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zopewera matenda lipite ku maphunziro a kudziletsa, a Republican analola makondomu ndi ndalama zochuluka zopita kunja. Walira mvula walira matope. Nyumba ya aphungu inavomereza ndi mavoti 375 kwa 41, ndipo lamulo linasainidwa pa 27 Meyi 2003. Zambia ndi Mozambique anali m'gulu la mayiko 15 oyambirira, ndipo Malawi naye wakhala akulandira thandizoli kwa zaka zambiri, pamodzi ndi la Global Fund imene America ndiye wakhala akuponyamo ndalama zambiri kuposa dziko lina lililonse. Boma la America limawerengera kuti pulogalamuyi yapulumutsa miyoyo yoposa 25 miliyoni. Amene tinaona maliro a tsiku ndi tsiku a zaka za m'ma 1990 sitifunika kuuzidwa tanthauzo la nambala imeneyo.

Congress inawonjezera moyo wa PEPFAR mu 2008, mu 2013 ndi mu 2018, pansi pa mapulezidenti atatu osiyana, popanda phokoso lalikulu. Mu 2023 pulogalamuyi inakodwa mu mkangano wa m'dziko mwawo wokhudza kuchotsa mimba, ndipo m'malo mwa zaka zisanu inangopatsidwa chaka chimodzi, chimene chinatha mu Malichi 2025. Mu Januwale chaka chomwecho boma latsopano linaimitsa thandizo lopita kunja kuti liunikidwe, ndipo m'mayiko ambiri a mu Africa zipatala zina zinatseka, ogwira ntchito zaumoyo anauzidwa kuti asiye ntchito. Mkangano wa anthu amene sanamvepo dzina la mudzi wathu unafika pa khomo la chipatala chathu. Ndinenenso chilungamo: kamoto ka kumvana sikanazimiretu. Mu Julayi 2025, boma litapempha kuti madola 400 miliyoni a PEPFAR abwezedwe, maseneta ena a Republican, kuphatikizapo mayi Susan Collins, anakana, ndipo ndalamazo zinachotsedwa pa mndandanda wa zodulidwa. Koma pulogalamu imene kale inkadutsa ndi mavoti 375 mu 2025 inapulumukira pa anthu owerengeka.

Ifenso kuno tinalawako. Amalawi akukumbukira zaka zimene pulezidenti Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, nyumba ya malamulo inakangana pa Gawo 65 la malamulo a dziko, bajeti ya 2007 n'kuchedwa miyezi, anthu akudikira. Mbali iliyonse inali ndi mfundo yake yomveka, ndipo mbali iliyonse inali ndi otsatira amene ankaiombera m'manja ikakana kusuntha.

Otsatira amenewo ndi ife, omvera. A Reagan ndi a O'Neill anamvana pa penshoni chifukwa ankadziwa kuti anthu adzawalanga onse awiri akalephera, ndipo sadzawalanga akamvana. Andale a lero ku Washington amawerenga masamu omwewo n'kupeza yankho losiyana, chifukwa ovota, mawailesi ndi opereka ndalama anasintha chimene amalipira. Choncho ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukadzamva kuti phungu wanu wakhala pansi ndi a chipani china, musathamangire kunena kuti wadya chibanzi. Mufunseni kuti wapereka chiyani, walandira chiyani, ndipo chimene walandiracho chafika kwa inu kapena chathera m'thumba mwake. Ngati chathera m'thumba, mukaneni pa chisankho. Ngati chafika kuchipatala chanu, kusukulu ya ana anu kapena pa mlatho wa kwanu, muuzeni poyera kuti wachita bwino, ndipo mukamuvotere.